Noti ya E imene inatsala pang'ono kupasula bandi yathu

Mu bandi yathu tinalimo anayi, tonse titangolemba kumene mayeso a Fomu 4. Ine ndinkaliza gitala, mnzanga wina bezi, wina ng'oma, ndipo woimba anali mtsikana amene tinali naye m'kwaya kusukulu. Tinkaimba rock, imene akuluakulu kwathu ku Chilomoni ankangoitchula kuti phokoso. M'tauni munkakonzedwa phwando la zoimbaimba, ndiye okonzawo ananena kuti bandi yofuna danga itumize demo ya nyimbo ziwiri pofika Lolemba. Demo ndi nyimbo yojambula mongolawitsa, kuti womva adziwe zimene mumatha. Ndalama ya situdiyo tinalibe. Tinabwereka maikolofoni ziwiri ndi kabokosi kozilumikizira ku laputopu, mwiniwake n'kutipangira kuti Lamulungu dzuwa lisanalowe katundu akhale atabwerera.

Situdiyo yathu inali chipinda cha kuboyizikota kwa mnzathu wa ng'oma uja: pansi simenti, makoma a njerwa opaka pulasitala, pamwamba malata okhaokha opanda siling'i. Lachisanu lonse tinakhalira kuzungulira m'magolosale kupempha mathileyi a mazira, chifukwa aliyense amadziwa kuti situdiyo imafuna mathileyi. Tinawakhoma mpaka khoma limodzi lonse linabisika. Ampu ya bezi tinaiika pakona, poti mpamene panali soketi. Maikolofoni imodzi tinapatsa woimba, inayo tinaiimika kukhoma la kumbuyo, kutali ndi ng'oma, kuti itole bandi yonse.

Loweruka tinaimba kuyambira m'mawa mpaka zala kutuluka matuza. Madzulo tinakhala pansi kuti timve ntchito yathu. Abale inu! Nyimbo inkayamba bwinobwino, koma wa bezi akangofika pa noti ya E, kunkabwera chiphokoso chakuti buuu, chophimba gitala, mawu a woimba, chilichonse. Akasamukira pa noti ina bezi inkabwerera m'malo mwake, akabwereranso pa E, buuu kachiwiri. Nyimbo zathu zonse ziwiri zinali m'kiyi ya E.

Wa ng'oma sanachedwe. "Aise, nsambo yaikuluyo ukuimenya ngati ukuwaza nkhuni."

"Ndikuliza chimodzimodzi nsambo zonse," anatero wa bezi.

"Ndiye makinawa akunama eti?"

Ine ndinali mbali ya wa ng'oma, ndivomere. Tinayamba kutchula dzina la mnyamata wina wa kutchalitchi amene akanatha kubwera mawa lake kudzaliza bezi. Mnzathu anamva zonsezo. Anakulunga waya wake mwakachetechete, n'kunyamula gitala, osatsanzika.

Amene anatipulumutsa ndi amalume ake a mnzathu wa ng'oma, okonza mawailesi ndi masipika kumsika. Lamulungu m'mawa anamvera demo ija theka la miniti yokha, kenaka anati, "Mphwanga, kamuitane mnzako uja. Abwere ndi gitala yake." Atabwera, nkhope ili gwa, anamuuza kuti alize E yomweyo mobwerezabwereza osasintha mphamvu, ife tiyende pang'onopang'ono kuchokera kukhoma lina kukafika kukhoma linalo m'litali mwa chipinda. Pafupi ndi khoma liwulo linkagwedeza pachifuwa. Pofika pakati pa chipinda kugwedeza kuja kunatha, kunangotsala kaliwu kowonda. Kufika kukhoma linalo, chabwereranso. Munthu mmodzi, chala chimodzi, nsambo imodzi, koma bezi yosiyana malinga ndi pamene waima.

"Anyamata inu, mwanayu alibe mlandu," anatero amalume. "Chikuimba ndi chipindachi."

Iwo anathera pomwepo, masamu ake sanawafune. Ine ndinakawapeza pambuyo pake m'kope langa lomwe la Physics, limene ndinali nditaliponya pansi pa bedi tsiku lomaliza mayeso. Tiyeni tiwaone limodzi.

Liwu lililonse limayamba ndi chinthu chonjenjemera. Pepala la sipika likamapita kutsogolo limapanikiza mpweya umene uli patsogolo pake, likamabwerera m'mbuyo mpweyawo umatakasuka. Kupanikizika ndi kutakasukaku kumapatsirana kuchoka pa mpweya wina kupita pa wina, ndiye funde la liwu limenelo. Mpweyawo suchoka pa sipika kubwera kukhutu kwanu ayi, umangogwedezeka pamalo pomwepo. Chimene chimayenda ndi fundelo, ndipo mumpweya wa madigiri 20 limathamanga mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Kuchuluka kwa maulendo amene chinthu chanjenjemera pa sekondi ndiye frequency, imene timayeza mu hertz, mwachidule Hz. Utali wa funde limodzi lathunthu ndiye wavelength. Zitatuzi zimamangidwa ndi lamulo lija mumaloweza usiku woti mawa mayeso:

v = f × λ

Poti liwiro v silisintha m'chipinda chimodzi, frequency ikachepa wavelength imatalika. Noti ya A imene oimba amachunira zida zawo ndi 440 Hz, ndipo funde lake ndi masentimita pafupifupi 78. Nsambo yaikulu ya bezi, E ija, imanjenjemera maulendo 41.2 okha pa sekondi. Gawani 343 ndi 41.2, mupeza mamita 8.3. Funde limodzi lokha, lotalika kuposa minibasi. Limeneli ndi limene tinkalitsekera m'kachipinda ka kuboyizikota.

Funde likagunda khoma la njerwa, pafupifupi lonse limabwerera. Likakafika kukhoma linalo limabwereranso, ndipo panjira limakumana ndi mafunde atsopano ochokera mu sipika. Pa manoti ambiri kukumanaku kumakhala kosalongosoka, pena kuthandizana pena kufafanizana, moti palibe chachikulu chimene chimachitika. Koma pali frequency ina imene funde lopita ndi kubwerako limafika pa nthawi yeniyeni imene sipika ikukankhanso. Ganizirani mwana ali pa katungwe. Mukamamukankha nthawi ina iliyonse sapita patali, koma mukamamukankha pomwe wangoyamba kubwerera, ngakhale ndi dzanja limodzi, amakwera mpaka kuyamba kukuwa. Mpweya wa m'chipinda nawo uli ndi kayendedwe kake kotero. Zimachitika pamene ulendo wopita kukhoma ndi kubwerako ukufanana ndi wavelength imodzi, kutanthauza kuti theka la funde likukwana ndendende pakati pa makoma awiriwo. Chotsatira chake ndi standing wave, funde looneka ngati laima malo amodzi: kumakoma kupanikizika kwa mpweya kumakwera ndi kutsika kwambiri, pakati pa chipinda sikusintha n'komwe. Khutu ndi maikolofoni zathu zija zimamva kupanikizika kumeneku. N'chifukwa chake kukhoma kunali buuu, pakati zii.

Ndinabwereka tepi ya amisiri n'kukayeza chipindacho. M'litali chinali mamita 4.2. Kupita ndi kubwera ndi mamita 8.4.

f = 343 ÷ 8.4 = 40.8 Hz

Ndinayang'ana nambalayo kanthawi. E ya bezi ndi 41.2. Ndipo tsikulo kunkatentha, malata akuchita kulira okha. Mpweya ukatentha liwu limathamangirapo, pa madigiri 30 limafika pafupifupi 349, zimene zikupereka 41.5 Hz. Kaya mutenga nambala iti, chipindacho chinali ngati anachimangira noti imeneyo. Sizinathere pomwepo. Chipinda chimalimbikitsanso frequency yowirikiza kawiri, apa ndiye 82 Hz, ndipo nsambo yaikulu ya gitala yanga ndi E ya 82.4 Hz. Choncho pa chiphokoso chimene ndinkanenera mnzanga chija, gawo lina linali langa. Tinaonjezanso tokha moto: ampu pakona, pamene makoma awiri ndi simenti ya pansi zimakumana, ndi malo amene amadzutsa mafunde oimawa mwamphamvu kuposa pena paliponse, ndipo maikolofoni tinaiimika kukhoma, pamene amamvekera kwambiri. Tikanafuna kuononga demo mwadala sitikanaposa pamenepa.

Nanga mathileyi aja? Apa mpamene pamandipweteka, chifukwa tinatayirapo tsiku lathunthu. Kuti chinthu chimeze liwu, mpweya wogwedezeka uja uyenera kulowa m'timabowo take n'kumakhulana ndi ulusi wake, mphamvu ya fundelo isanduke kutentha pang'ono. Ndiye chimafunika kukhala pamene mpweya ukugwedezeka kwambiri. Pakhoma penipeni mpweya sugwedezeka, poti khoma lautsekereza. Umagwedezeka kwambiri pa mtunda wa kota ya wavelength kuchokera pakhomapo. Choncho chomeza liwu chimagwira bwino ntchito ngati kukhuthala kwake kukuyandikira kota ya funde limene mukulimbana nalo. Thileyi ya mazira imatuluka pakhoma masentimita ngati 5. Chulukitsani ndi 4, mupeza funde la masentimita 20, limene ndi 1,700 Hz kapena chapompo. Ngakhale thileyiyo ikanakhala ya thonje lokhalokha, ikanayamba kuthandiza kwenikweni pa maliwu okwera chotero, ndipo si ya thonje, ndi kapepala kopyapyala kouma. Funde lathu la mamita 8.3 kota yake ndi mamita oposa 2, theka la chipinda chonse. Linkadutsa pa mathileyi aja ngati palibepo kanthu. Ndipo ndinene mosabisa: khoma lodzaza mapepala ouma, pafupi ndi soketi yonyamula ma ampu awiri ndi laputopu, ndi ngozi ya moto. Musatengere ife.

Munthu woyamba kuyeza zimenezi mwadongosolo nayenso anayamba ndi katundu wobwereka. Mu 1895, pa yunivesite ya Harvard ku America, holo yophunzitsiramo ya mu Fogg Art Museum inali yosatheka: mphunzitsi akalankhula liwu limodzi, linkapitiriza kumveka masekondi oposa 5, mawu n'kumaunjikana osamveka kanthu. Ntchito yoikonza anaipereka kwa mphunzitsi wachinyamata wa Physics, Wallace Clement Sabine. Iye ndi omuthandiza ankagwira ntchito usiku kunja kuli zii. Ankanyamula makushoni a m'mipando ya Sanders Theatre, holo ina ya pafupi, kuwaika m'holo yovutayo, kuliza chitoliro cha limba, n'kuwerenga ndi wotchi nthawi imene liwu latenga kuti lizimiririke. Kusanache makushoni ankabwerera kwawo. Anapeza kuti nthawiyo imakula ndi kukula kwa chipinda, ndipo imachepa zomeza liwu zikachuluka. Poyerekeza zinthu zosiyanasiyana anasankha zenera lotsegula ngati muyezo, poti liwu lotulukira pazenera silibwereranso. Mpaka lero muyezo wa kamezedwe ka liwu umatchedwa sabin, ndipo Symphony Hall ya ku Boston, imene inatsegulidwa mu 1900, anaimanga motsatira masamu ake. Ife tinayesako nzeru ya zenerayo. Kutsegula chitseko kunachepetsako buuu uja, koma pang'ono, chifukwa funde la mamita 8 silituluka lonse pa khomo la mita imodzi. Komanso kunalowetsa nkhuku za aneba, zamoyo ndi mawu omwe.

Tinatsala ndi maola ngati asanu ndi awiri. Chipinda sitikanachigwetsa, ndiye tinangochichotsa m'nyimbomo mmene tikanathera. Bezi tinaichotsa ku ampu, waya wake n'kulowa mwachindunji m'kabokosi kaja, wolizayo n'kumadzimvera m'mahedifoni. Gitala ya magetsi imatulutsa kale uthenga wa magetsi, sifunika kudutsa mumpweya kuti ifike mu laputopu. Noti ya 41 Hz ija sinakhudzenso makoma. Titamvetsera, E ndi manoti ena onse anali ofanana mphamvu, monga mwiniwake ananenera dzulo lake. Wa ng'oma anakanda kumutu n'kunena kuti, "Aise, pepa." Ine ndinapepesa kawiri.

Zotsalazo tinazijambula chimodzichimodzi: ng'oma ndi bezi poyamba, kenaka gitala, pomaliza mawu. Ampu yanga tinaichotsa kukhoma n'kuikweza pampando, maikolofoni pafupi kwambiri ndi sipika. Kuyandikiraku kuli ndi masamu akenso. Liwu likamachoka pa gwero lake limamwazikira mbali zonse, moti mukawirikiza mtunda kawiri, mphamvu yofika pa inu imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukatembenuza lamuloli limakhala mnzanu. Woimba wathu dzulo lake ankaima masentimita ngati 80 kuchokera pa maikolofoni, akuti kuopa kuilavulira. Tinamusendeza kufika pa 10. Kuchoka pa 80 kufika 40, 20, 10 ndi kudula mtunda pakati katatu, ndiye 4 × 4 × 4, mphamvu ya mawu ake inakula pafupifupi maulendo 64. Koma mawu obwerera kuchokera kumakoma, amene amadzaza chipinda chonse mofanana, sanasinthe. Ndiye mukatsitsa voliyumu kuti mawu akhale pa mlingo wabwino, chipinda chimatsikira limodzi mpaka kubisika. Kumbuyo kwake tinaimika matiresi, m'mbali tinapachika mabulangeti pa chingwe choyanikira zovala, motalikirako ndi khoma. Matiresi ya masentimita 15 imagwira bwino kuyambira pa 570 Hz kapena chapompo kupita m'mwamba, ndipo mbali yaikulu ya zimene zimapangitsa mawu a munthu kumveka bwino ili kumeneko. Pa bezi matiresi ikanalephera, pa woimba inakwanira.

Panatsala kaphokoso kena kong'ung'udza pansipansi pa gitala yanga, kosatha ngakhale ndisakuliza. Pansi pa nsambo za gitala ya magetsi pali maginito okulungidwa ndi waya wopyapyala. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera imasokoneza mphamvu ya maginitoyo, ndipo m'wayamo mumabadwa magetsi, monga Michael Faraday anapezera mu 1831. Vuto n'lakuti koyiloyo sisankha. Magetsi a m'nyumba zathu amasinthasintha mbali pa 50 Hz, ndipo mawaya ndi machaja amamwaza mphamvu ya maginito yosinthasintha chomwecho, gitala n'kumaitola. Tinazula chaja, laputopu n'kumayendera batire, ine ndinazungulira pang'onopang'ono ndi gitala mpaka ndinapeza mbali imene kaphokosoko kanachepa, ndipo ndinaimba nyimbo yonse nditayang'ana kuchitseko ngati wolangidwa. Wina akadzakuuzani kuti muthyole mwendo wachitatu wa pulagi, wa earth uja, kuti kaphokosoko kathe, mukaneni. Mwendo umenewo ndi umene umakutetezani ampu ikaonongeka mkati, inu mutagwira nsambo zachitsulo.

Patapita zaka ndinamva nkhani ya demo ina ya kunyumba imene inapita kutali kuposa yathu. Mu January 1982, woimba rock wa ku America Bruce Springsteen anajambula nyimbo zatsopano m'chipinda cha nyumba imene ankakhala ku Colts Neck, New Jersey, pa makina a kaseti a Tascam Portastudio otenga mizere inayi yokha, ndi maikolofoni ziwiri za Shure SM57. Cholinga chinali choti bandi yake, E Street Band, imve nyimbozo kenaka akazijambule bwino mu situdiyo. Anakayesadi, koma zambiri mwa nyimbozo sizinamukhutiritse ngati mmene zinkamvekera pa kaseti ija, ndipo mu September chaka chomwecho inatuluka ngati chimbale chotchedwa Nebraska. Anthu amakonda kuinena nkhaniyi ngati umboni wakuti zida zilibe ntchito. Ine ndimaonapo china. Pa kasetiyo munali makamaka mawu, gitala ndi harmonica, munalibe ng'oma zaphokoso zogwedeza makoma. Anapatsa chipinda chaching'ono ntchito imene chipinda chaching'ono chingathe. Ife tinalowetsa bandi yonse ya rock m'bokosi la simenti la mamita 4.2.

Mutha kumva standing wave nokha osagula kanthu. Sipika ya foni singatulutse 41 Hz, ndiye m'malo mofuna chipinda chachikulu funani chaching'ono cha makoma olimba, monga bafa ya simenti. Yezani mtunda wa pakati pa makoma awiri oyang'anizana, wirikizani kawiri, gawani 343 ndi yankholo. Bafa ya mamita 1.5 ipereka 114 Hz, imene mnyamata wa mawu okhwima amaifika bwinobwino. Ngati m'lifupi mwake ndi masentimita 80, mupeza 214 Hz, yabwino kwa atsikana. Imani pafupi ndi khoma, tsekani pakamwa, ng'ung'udzani kuyambira pansi n'kumakwera pang'onopang'ono. Pena pake noti imodzi idzakula yokha ngati wina wakuthandizani. Igwireni, kenaka sunthani mutu kupita pakati, mumve mmene ikuchepera. Amene muli ndi pulogalamu yochunira gitala pa foni, onani ngati nambala yake ikugwirizana ndi masamu anu. Ikasiyana, yezaninso mtunda wa pansi mpaka kudenga, chifukwa nawonso ndi makoma awiri oyang'anizana.

Maikolofoni tinabweza dzuwa litafiira kale, mwiniwake ali pakhonde akuyang'ana wotchi. Demo inapita Lolemba m'mawa. Anatipatsa mphindi 15, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ambiri asanafike, ndipo tinaimba ngati bwalo ladzaza. Wa bezi uja mpaka pano akalowa m'chipinda chachilendo amayamba waomba m'manja kamodzi n'kutchera khutu. Mu nyimbo yachiwiri ya demoyo, gitala ikangotha kulira, mumamveka tambala wa aneba. Tinalibe nthawi yojambulanso.